Khola la Nkhuku la Adadi Lili ndi Mapiko

Loweruka

[08:12] Giya: sisi onani izi koma musakuwe

[08:12] Giya: 📷 chithunzi

[08:19] Spanala: ndili pa ntchito ku hangar, kokonzera ndege. ndege ya ndani yamatabwayi kkkk

[08:19] Spanala: dikira kaye

[08:20] Spanala: Giya kumbuyoko si shedi ya adadi??

[08:20] Giya: yomweyo

[08:20] Spanala: muja amati akumangamo khola la nkhuku?

[08:21] Giya: khola lake ndi lomweli. nkhuku yake ndi iwowo

[08:21] Spanala: MAYO INE

[08:22] Giya: atsegula lero mmawa, ine kukamwa yasa. chaka chonse ndakhala ndikuwatutira matabwa pa pikapu ndimvekere nkhukuzi zidzakhala mabwana

[08:22] Spanala: ili ndi injini?

[08:23] Giya: ya njinga yamoto. koma akuti payokha ilibe mphamvu, nde ine ndiikoke ndi pikapu pa chingwe mpaka inyamuke

[08:23] Spanala: inyamuke kupita kuti

[08:23] Giya: kumwamba sisi

[08:23] Spanala: mukhala ndani

[08:24] Giya: mukufunsanso?

[08:24] Spanala: liti

[08:24] Giya: lero 2 koloko. msewu wautali uja wa ku fakitale yotsekedwa

[08:27] Spanala: adadi sakuyankha foni

[08:27] Giya: ayitsekera mu drowa. akuti pilot sagwira foni ali pa ntchito

[08:28] Spanala: anawauza ndani zopusazo

[08:28] Giya: inuyo

[08:28] Spanala: eish

[08:29] Spanala: ingokana. usakoke basi

[08:30] Giya: ndakana kale. akuti ndikakana aitana aneba a lole. aneba aja mumawadziwa, buleki amaikumbuka atafika kale. bola ndikoke ine

[08:31] Spanala: ine ngakhale nditanyamuka pano ndifika mawa. amayi akudziwa?

[08:31] Giya: ali ku shopu kwawo, akusoka za ukwati. ine sindiwauza, auzeni ndinu

Spanala added Amayi

[08:36] Spanala: amayi onani chithunzichi. khalani pansi kaye

[08:44] Amayi: Ndaona. Nsalu ya mapikoyo ndinasoka ndine.

[08:44] Spanala: AMAYI

[08:44] Giya: 😳😳😳

[08:47] Amayi: 🎤 mawu 0:36
Musandikuwire anawe. Bambo anu anati ndi chikwangwani, aika padenga la shopu kuti anthu azidziwa kuti kalipentala wa pano mwana wake wamkazi amakonza ndege. Ine n'kusangalala, ndinasokanso mwachangu. Nanga munthu amaopa makwerero, kusintha babu amatuma ine, ndikanaganiza bwanji kuti akufuna kuuluka? Ndabwera kuno mmawa atandiuza kuti lero akukaperekera zitseko.

[08:48] Giya: akukapereka okha ngati chitseko

[08:48] Amayi: Iwe usaseke.

[08:49] Spanala: ok tisataye nthawi. mwina siinganyamuke n'komwe. Giya ima kunsonga kwa phiko, lijambule cha m'mbali

[08:55] Giya: 📷 chithunzi

[08:58] Spanala: ayi ayi ayi

[08:58] Giya: lalakwika eti? ndimadziwa

[08:59] Spanala: lalondola. ndiye vuto lake

[08:59] Amayi: Vuto bwanji ngati lalondola?

[09:02] Spanala: ndimapemphera kuti likhale thabwa wamba. mukanangothamanga pa msewu mpaka mafuta kutha, anthu n'kuseka, aliyense kwawo. koma onani: kutsogolo lobulungira, pamwamba linunda, kumbuyo lopyapyala ngati mpeni, ndipo alipendeketsa pang'ono kutsogolo kuloze mmwamba. ili ndi phiko lenileni

[09:02] Giya: matabwa ndi nsalu ya amayi zinganyamule munthu?

[09:04] Spanala: ukatulutsa dzanja pawindo la pikapu ukuthamanga, n'kukweza zala pang'ono, limatani

[09:04] Giya: limakwera lokha

[09:06] Spanala: basi. dzanja likukankhira mphepo pansi, mphepo ikulikankhira mmwamba. phiko ndi chimodzimodzi, kungoti linunda lija limathandiza mphepo ya pamwamba kutsetsereka bwino n'kukhotera pansi, nde phiko limakokedwanso mmwamba. mphepo siifunsa kuti ndi chitsulo kapena thabwa

[09:06] Spanala: chinthuchi chinyamuka Giya

[09:07] Amayi: Yesu wanga.

[09:07] Giya: anazidziwa bwanji?

[09:08] Amayi: Ma vidiyo ako a kuntchito aja. Amawaonera mpaka foni kutentha, pensulo ili kukhutu.

[09:10] Spanala: Giya lowa pampando. pali ndodo pakati? ikokere kwa iwe, amene ali pafupi ajambule kumchira

[09:18] Giya: 🎥 vidiyo 0:09

[09:18] Giya: ajambula aneba. mahinjesi ake ndi a kabati, zingwe ndi za mabuleki a njinga

[09:20] Spanala: kachitseko kogona kaja ndi elevator. ukakoka kakukwera, mphepo ikankhira mchira pansi, mphuno idzuka. alondolanso. ponda mapedulo

[09:23] Giya: 🎥 vidiyo 0:07

[09:24] Spanala: koimirirako ndi rudder, kamatembenuza mphuno kumanja kumanzere. alondolanso. bambo amenewa andipha ine

[09:24] Spanala: tsopano ndodo ikankhire kumanzere. ajambule mapiko onse awiri

[09:29] Giya: 🎥 vidiyo 0:12

[09:30] Spanala: bwereza

[09:30] Giya: bwanj

[09:30] Spanala: BWEREZA

[09:33] Giya: 🎥 vidiyo 0:14

[09:33] Giya: ndodo ikapita kumanzere tizitseko ta kumapiko tonse tiwiri tikukwera. kumanja tonse tikutsika. limodzi limodzi ngati kwaya

[09:34] Spanala: ndakhala pansi pa simenti

[09:34] Amayi: Tiuze mwanawe.

[09:37] Spanala: tizitseko ta kumapikoto ndi ma aileron. ntchito yake ndi kupendeketsa ndege ndi kuiwongola. timayenera kutsutsana. ndodo kumanzere, ka kumanzere kakwere, ka kumanja katsike. pamenepo phiko lamanja limanyamula kwambiri, lamanzere pang'ono, ndege n'kupendekera kumanzere. adadi atimanga kuti tiziyenda limodzi

[09:37] Giya: nde zikutanthauza chani

[09:38] Spanala: mphepo ikangonyamula phiko limodzi alibe chobwezera. ipendekera mpaka nsonga igunde pansi

[09:38] Spanala: apatse foni. pano

[09:51] Giya: akana kulankhula pa call. akuti ajambule mawu okha, mungawatalikitsire nkhani

[09:53] Giya: 🎤 mawu a adadi 0:58
Mwananga, wadzuka? Ndamva kuti waona. Sindinakuuze chifukwa ndimafuna udzaone pa vidiyo ndili mmwamba, nawenso kukamwa kuyasame ngati mlongo wakoyu. Tsopano za tizitsekoto usade nkhawa, ndinakonza dala. Ukukumbuka vidiyo ija unatumiza uli pansi pa phiko, kachitseko kena kali mmwamba kena pansi, iwe n'kulemba kuti lero ntchito yavuta? Ndinaona pomwepo kuti vuto ndi limenelo, tasemphana. Ndinati yangayi isadzavutitse mwana wanga choncho. Ndinatiyeza ndi levulo, tili ndendende.

[09:55] Spanala: mayi wanga ine

[09:55] Spanala: ndi vidiyo yanga

[09:56] Spanala: tsiku lija ntchito inavuta chifukwa kunatentha! ndegeyo inali bwinobwino, tinkangoyesa!

[10:01] Spanala: 🎤 mawu 1:12
Adadi, ndine. Phiko mwapanga bwino, sindikunama, ndaonetsa anzanga kuno onse agwira pakamwa. Koma mverani. Inu ndi Giya mukanyamula chitseko chachikulu, wina uku wina uku, n'kufika pakhomo popapatiza, mumachipendeketsa bwanji? Wina amakweza, wina amatsitsa. Mukakweza nonse chimangokwera, sichipendeka. Tsopano mphepo ikachiwomba mbali imodzi, wa mbali imeneyo amapanikiza, mnzake n'kukweza, kuti chiwongoke. Tizitseko tija ndi anthu awiri amenewo, adadi. Inu mwawalamula kuti azikweza limodzi, azitsitsa limodzi. Mu vidiyo ija ndege sinali kudwala. Chonde dikirani, ndibwera Loweruka linalo tidzamange limodzi zingwezo, tidzaone china chilichonse.

[10:14] Giya: amvera mpaka kumapeto

[10:16] Giya: 🎤 mawu a adadi 0:41
Mayi, ine mawindo ndinayamba kupanga iwe usanabadwe. Palibe kasitomala anabwerapo kuti ndipangireni windo la mapiko awiri, lina lizitsegukira kunja lina mkati. Chinthu chosemphana n'cholakwika, kaya ndi windo kaya ndi ndege. Zokhota ndili nazo kumchira, wavomera wekha kuti zili bwino. Ndipo anthu ndawaitana kale. Ndiwauze kuti chani? Kuti mwana wandiletsa pa foni?

[10:17] Spanala: eee muwauze choncho!!

[10:17] Giya: abwerera ku shedi. akuimba nyimbo

[10:18] Spanala: rudder imatembenuza mphuno, koma phiko likagwa chonchija siingalidzutse msanga ali pafupi ndi nthaka. uwauze

[10:25] Giya: ndawauza. akuti moni

[10:26] Spanala: boola matayala. dula chingwe. bisa makiyi. chita kanthu iwe

[10:28] Giya: sisi aneba aimika kale lole pa geti, akungodikira ndilakwitse. ndikakoka ine mwina ndiyenda pang'onopang'ono isanyamuke

[10:29] Spanala: akakuwona ukuzengereza mawa abwereza ndi aneba

[10:29] Giya: ndikudziwa

[10:40] Amayi: Ndawaimbira pa foni ya Giya. Ndalira, ndakalipa, ndawauza kuti ndibwerera kwathu. Akuti ndidikire andiperekeze pa ndege.

[10:41] Spanala: si zoseketsa amayi

[10:41] Amayi: Ukundiona ndikuseka?

[11:32] Spanala: ndalakwitsa bolt kawiri, bwana andiuza ndikakhale panja

[11:33] Spanala: amayi, bedi adadi amaliperekabe asanaliyese?

[11:36] Amayi: Bambo ako? Ngakhale kampando ka mwana amayamba aikapo thumba la mchenga. Bedi lathu lomwe la ukwati anagonekapo matumba anayi tsiku loyamba. Ine mkwatibwi ndinagona pansi, matumba pa bedi.

[11:36] Giya: kkkkk amayi izi sitimazidziwa

[11:41] Spanala: 🎤 mawu 0:47
Adadi, za tizitseko ndasiya, mwina ine ndi amene ndalakwitsa. Ndifunse chimodzi chokha. Kuyambira ndili mwana sindinaonepo chinthu chikutuluka m'shopu mwanu musanachiyese ndi mchenga. Munkati kalipentala woyesera bedi pa kasitomala ndi mfiti. Lero mwapanga chinthu chachikulu kuposa zonse munapangapo, ndipo mukufuna kuchiyesera pa bambo anga. Ine ndine kasitomala wanu lero, ndipo ndikukana. Ikani thumba lolemera ngati inu pampandopo, mumange ndodo pakati, Giya akoke. Ikatera bwino sindidzayankhulanso.

[11:58] Giya: amvera kawiri

[11:58] Spanala: ndiye?

[11:59] Giya: andibwezera foni angoti tiye tikamange chingwe

[12:00] Spanala: atenga thumba?

[12:03] Giya: sindinaone. avala jekete yabulawuni ija ya ku tchalitchi, helemeti ili m'manja

[12:03] Spanala: Mulungu wanga

[13:10] Giya: tafika. anthu ndi ambiri sisi, ena abwera ndi mipando. adadi awaimika kutali kumapeto kwa msewu

[13:12] Giya: ndege ili kuseri kwa khoma la fakitale ndi iwo ndi aneba. ine andiuza ndikhale mu pikapu kutsogolo, chingwe n'chachitali. aneba akakupiza nsalu yofiira ndiyambe

[13:12] Spanala: kuli mphepo?

[13:13] Giya: pang'ono. ikuchokera kumanja

[13:13] Spanala: cha m'mbali. ndiyo yoipayo

[13:14] Spanala: Giya plz tsika ukawagwire miyendo

[13:15] Giya: ndagwada kale sisi, pamaso pa aneba. andidzutsa andipukuta fumbi m'mawondo

[13:16] Amayi: Ndatseka shopu. Mkwatibwi adikire. Ndikubwera.

[13:49] Giya: aikankhira pa msewu. foni ndikuika pansi

[13:49] Spanala: USAYAMBE amayi asanafike

[13:50] Spanala: Giya

[13:52] Spanala: 📞 missed call

[13:55] Amayi: Ndafika koma ndili kumapeto kuno ndi anthu. Akhalamo kale. Ndikuona jekete ndi helemeti.

[13:55] Spanala: imani pakati pa msewu amayi. Giya sangakugundeni

[13:57] Amayi: 🎤 mawu 0:52
Ndisiyeni ndidutse, ndi amuna anga amenewo! Ndisiyeni! Mwanawe ayamba, pikapu yayamba, anthu andigwira. Ikubwera. Ikuthamanga, fumbi lokhalokha. Iii! Iii mayo! Yanyamuka! Matayala achoka pansi, mwanawe yanyamuka, nsalu yanga ija! Yapitirira mpanda, yafika denga la fakitale, anthu akukuwa, bambo ako akuuluka! Akuulu... bwanji ikupendeka? Phiko lamanja lakwera. Awongole! Bambo a Giya wongolani! Wongo...

[13:58] Spanala: amayi?

[13:58] Spanala: AMAYI

[13:59] Spanala: 📞 missed call

[13:59] Spanala: 📞 missed call

[14:00] Spanala: Giya yankha

[14:02] Spanala: wina ayankhe chonde

[14:05] Spanala: ndi vidiyo yanga. ndawapha ndine

[14:09] Spanala: 📞 missed call

[14:16] Giya: mchenga

[14:16] Spanala: chani

[14:16] Giya: ndi mchenga sisi. NDI MCHENGA

[14:17] Spanala: lemba zomveka ndikukomoka

[14:20] Giya: 🎤 mawu 1:04
Sisi mundikhululuke. Ine sindimadziwa, Mulungu mboni. Ndinaiona pa galasi ikukwera, kenako ikugona chammbali, nsonga n'kugunda pansi, n'kutembenuzika, phwaa! Ndasiya pikapu ikulira, ndathamanga ndikukuwa kuti ndapha adadi. Ndafika, thabwa la phiko lalowa pa chifuwa pa jekete, latulukira kumsana. Ndakoka jekete ija, mchenga waa! pa mapazi anga. M'helemeti muli chigubu. Ndatembenuka, adadi aima kumbuyo kwanga ndi vesiti yokha. Anaveka thumba kuseri kwa khoma kuti anthu asadziwe kuti amvera mwana, iwo n'kubisala. Aneba okha ndi amene amadziwa.

[14:21] Spanala: ali moyo??

[14:21] Giya: alibe n'kabala komwe

[14:21] Spanala: amayi?

[14:23] Giya: anagwa pansi, azimayi awathira madzi. adzuka, afika apa, awagwira adadi nkhope, kenako awamenya ndi chikwama. pano akuwagwiranso nkhope

[14:23] Spanala: 😭😭😭😭

[14:24] Spanala: awamenyenso kamodzi ka ine

[14:25] Giya: anthu theka akulira theka akuseka. wina akufunsa ngati maliro a thumba alipo

[14:25] Spanala: adadi akuti chani

[14:26] Giya: akhala pansi pafupi ndi phiko lotsalalo, akungokweza ndi kutsitsa kachitseko ndi chala

[14:26] Spanala: asiye kaye

[15:48] Giya: 🎤 mawu a adadi 1:15
Mayi. Ndine. Ndinaima kuseri kwa khoma, ndinaona zonse. Pamene inanyamuka ndinadzitukwana, ndinati ndamvera mwana, thumba landidyera tsiku langa. Kenako mphepo inalowa pansi pa phiko lamanja. Ine manja anga anayamba kugwira ntchito pomwe ndinaimapo, ngati ndili pampando. Ndinafufuza m'mutu chingwe choti ndikoke kuti phiko lamanzere lidzuke. Zingwe zonse zija ndinamanga ndekha, ndimazidziwa chimodzichimodzi. Ndinafufuza, ndinafufuza. Munalibe, mwananga. Sindinachiikemo. Thabwa lalowa pa thumba la jekete la pachifuwa, pamene ndimasunga pensulo.

[15:50] Spanala: ndamva adadi

[15:53] Giya: akufunsa kuti ndege ya mu vidiyo ija zoona sinali yowonongeka?

[15:53] Spanala: inali yabwinobwino. inauluka madzulo omwewo ndi anthu odzaza

[15:57] Giya: agwedeza mutu. akuti zinthu zina zimayenda chifukwa chosemphana, ngati iwo ndi amayi

[15:57] Amayi: Awuze asandiikemo.

[16:02] Giya: akuti ndilembe ndendende mmene akunenera

[16:02] Giya: "koma inauluka"

[16:04] Spanala: inauluka adadi. ndamva amayi akukuwa. inafika denga

[16:05] Giya: akuti phiko lamanja latsala lathunthu. akuti Loweruka mukubwerabe?

[16:05] Spanala: ndikubwera. kudzakuonani INU

[16:06] Giya: akuti mubwere ndi spanala

[16:06] Spanala: amayi mukumva??

[16:31] Amayi: 📷 chithunzi

[16:31] Giya: amayi akhomera jekete pa chitseko cha shedi ndi msomali

[16:33] Amayi: Andipempha ndiisoke, akuti mawa avale ku tchalitchi. Ndasoka zambiri pa moyo wanga, mapiko omwe ndinasoka. Bowo ili sindisoka. Akafuna kulowa m'shedimo ayambe apisamo dzanja.